Chilombo cha Magetsi Chovala Chipewa cha a Hyttinen

1. Outi abwerera kusukulu

Outi Kemppainen anagona sabata yathunthu ndi chimfine. Lachitatu atabwerera kusukulu, asanavule n'komwe jekete, mnyamata wina wa kalasi yomaliza anamumenya paphewa.

"Iwe ndiwe dolo, Outi! Dzulo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa."

Mnyamatayo anali asanamupatsepo moni chiyambire. Outi anangomuyang'ana, n'kupitiriza kukutumula chipale chofewa kunsapato. Pofika nthawi yopuma ana ena anayi anali atamuuza zomwezo, koma panalibe wofuna kufotokoza.

"Usanamizire kusadziwa iwe," ankatero, uku akunjenjemeretsa mkono ngati munthu wozizidwa.

Chaka chimenecho, cha 1988, sukulu ya m'katauni kawo kum'mawa kwa Finland inali ndi makompyuta atatu okha. Ankakhala m'chipinda chapansi, pafupi ndi ng'anjo yotenthetsera nyumba, ndipo kalabu ya makompyuta inkakumana kumeneko Lachitatu lililonse masana. Outi, wa zaka khumi ndi zinayi, anali mtsikana yekhayo m'kalabumo.

Iye ndi anyamata awiri ankapanga gemu yawoyawo. Tuomo, mnyamata wamanyazi wovala magalasi, ndiye ankalemba malamulo a kompyuta. Outi ankajambula. Jarmo Leskinen ankadzitcha mtsogoleri, ndipo ntchito yake yaikulu inali kulankhula.

Gemuyo inali ya kamunthu kovala chisoti kamene kankadumpha kuchoka pathabwa lina kupita pa lina m'nyumba yopangira magetsi, kakutola mababu. Panjira kankakumana ndi makoswe ndi madontho a mafuta otentha. Koma mdani wamkulu anali kachilombo ka magetsi kamene Outi anakatcha Kipina.

Kipina kanali kozungulira, ka maso awiri aakulu ndi ndevu ngati za mphaka. Kankayenda pawaya, kenako n'kuima, n'kuthwanima katatu. Kachinayi kankatulutsa mphenzi mbali zonse, ndipo aliyense amene anali pafupi ankapsa. Wosewera wanzeru ankawerenga kuthwanimako n'kudumpha nthawi yake.

Outi anatha masabata atatu akujambula Kipina papepala la timabokosi. Kabokosi kalikonse kodetsedwa ndi pensulo kanali kadontho kamodzi pagalasi la kanema. Atamaliza, anasandutsa timabokosi tonseto kukhala manambala, n'kuwalowetsa yekha m'kompyuta.

Masana a tsikulo anapeza chipinda chapansi chija chitadzaza. Munali ana oposa khumi, ena a iwo osakhala n'komwe a m'kalabu. Aphunzitsi a kalabuyo, a Pesonen, anali pamwamba kuchonga mayeso monga mwa nthawi zonse.

"Mpatseni njira mwini chithunzi!" anakuwa Jarmo. "Tuomo, ika kaseti."

Kaseti imene ankasungirapo gemuyo inalira kwa mphindi zinayi, ikuilowetsa m'kompyuta. Kenako pagalasi panaoneka mayina atatu, ndipo la pakati linali lakuti, ZITHUNZI: OUTI KEMPPAINEN. Jarmo anagwira kandodo kowongolera, n'kudumphitsa kamunthu kaja mpaka pawaya woyamba.

Kipina panalibe. M'malo mwake panatulukira chimunthu chovala chipewa cha makutu, mulu wa makiyi ukulendewera m'chiuno. Chinkakoka mwendo umodzi. Chikaima, mkono wake unkanjenjemera katatu, kenako mphenzi n'kutuluka m'dzanja la zala zitatu.

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Panalibe wofunsa kuti ameneyo ndani. Anali a Veikko Hyttinen, bambo woyang'anira nyumba za sukuluyo.

2. Zimene zinachitika Outi kulibe

"Kipina wanga ali kuti?" anafunsa Outi. Mawu ake anatuluka okwera moti ena analeka kuseka.

"Kamphaka kaja? Tinakafufuta," anayankha Jarmo. "Kanali ka ana a mkaka. Uyu ndiye mdani weniweni."

"Anakupatsani chilolezo ndani? Masabata atatu ndikuwerenga timabokosi mpaka maso kuwawa, inu n'kungofufuta ngati ndafa? Ndiye mwasiyapo dzina langa kuti anthu aziti ndajambula ndine chinyansi chimenechi?"

"Aa, Outi, mtima pansi. Sukudziwa zimene anatichita mdala ameneyu. Tuomo, muuze."

Tuomo anafotokoza maso ali pansi. Lachitatu lapitalo Jarmo anabweretsa kambaula ka magetsi kuchokera kwawo, chifukwa m'chipindamo munkazizira. Analumikiza kambaulako, makompyuta awiri ndi wailesi ya kaseti pasoketi imodzi, ndi chingwe chakale chomangamanga ndi tepi. A Hyttinen atamva fungo la pulasitiki yopsa analowa, osalankhula ndi munthu, n'kuzimitsa magetsi a chipinda chonse. Ntchito ya maola atatu imene Tuomo anali asanaisunge pakaseti inapita yonse.

Atayatsa tochi, bambowo anawakhazika pansi onse n'kuwauza mawu amene Tuomo ankawakumbukirabe bwinobwino.

"Ana inu, tamverani. Magetsi a m'kanema mwanumo amathwanima kaye kuti mudumphe. A m'khoma awa sathwanima, saitana, ndipo sadikira kuti munthu akonzeke. Chingwe ichi tachigwirani, mwamva kutentha kwake? Chikanakhala mphindi zina khumi, bwenzi moto utayamba kuseri kwa kabati uko, ndipo khomo la chipinda chino ndi limodzi. Mukanatulukira pati? Mumaganiza kuti mukapsa mudzadina batani n'kuyambiranso? Ine ndakhala ndi mawaya zaka makumi awiri inu musanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Kuyambira lero, palibe mwana wotsala yekha muno popanda wamkulu, ndipo chilichonse chochokera kunyumba chiziyamba chadutsa m'manja mwanga. Mudane nane ngati mukufuna. Bola mudane nane muli amoyo."

"Wamvatu?" anatero Jarmo. "Ulaliki wa ola lathunthu, pamaso pa aliyense, ngati ndine kamwana. Ndiye ifenso tamuika pamene pakumuyenera."

Outi anafuna kuyankha, koma Jarmo anasintha mawu, n'kuyamba kulankhula mofatsa.

"Vuto ndi lakuti ndajambula ndine, ndipo ine sinditha. Taona mutuwo, ngati mbatata. Iwe ukachikonza chikhala chinthu china. Tikufuna zithunzi zinayi kuti mkono uzinjenjemera bwinobwino. Lachisanu ndi chionetsero cha makolo. A Pesonen tidzawaonetsa gawo la makoswe lokha, koma akangotuluka, sukulu yonse idzadziwa kuti katswiri ndani."

Pamenepo Minna Rautio, mtsikana amene atsikana onse a m'kalasi ankalimbirana kukhala naye pafupi, anamukoleka Outi mkono m'khosi.

"Loweruka kwathu kuli phwando. Tikaotha nthunzi yotentha mu sauna, kenako tivina. Ubweretu, Outi. Sindinkadziwa kuti ndiwe woseketsa chonchi."

Zaka ziwiri zonse Outi anali asanaitanidwepo kuphwando lililonse la m'kalasimo. Jarmo anamupatsa pepala latsopano la timabokosi. Outi analiyang'ana kanthawi, kenako analipinda n'kuliika m'chikwama.

3. Patebulo la kukhitchini

Anafika kunyumba cha m'ma folo, kunja kutada kale monga kumachitira m'nyengo yozizira. Anadula buledi wakuda, n'kukhala patebulo la kukhitchini ndi pensulo yake.

Dzanja la Outi linali laluso. Linakumbukira mmene phewa la a Hyttinen linapendekera, mmene khutu limodzi la chipewa chawo linkaimira m'mwamba, ndi mmene ankabisira dzanja lolumalalo kuseri kwa makiyi. Pasanathe ola, zithunzi zinayi zinali zitatha. Ataziyang'ana motsatizana, iye yemwe anaseka.

"Chakuseketsa n'chiyani?"

Anali amayi ake, a Raili, amene ankagwira ntchito ya unamwino pachipatala cha m'taunimo. Anali atangolowa, chikwama cha mkaka ndi mbatata chili m'manja. Anaweramira papepalapo, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Outi, ameneyu ndi Veikko Hyttinen."

"Ndi gemu chabe, Amayi. Sindinayambitse ine. Anzanga anangondipempha kuti ndikonze."

A Raili anaika chikwama pansi mwamphamvu moti mbatata ziwiri zinagubuduka. Sanazitole. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi mwana wawo.

"Ndikuuze za mkono umene ukuuseka. Iwe unali ndi zaka ziwiri. Kunawomba chimphepo mwezi wa Novembala, mitengo n'kugwera mawaya chigawo chonse chino. Midzi inakhala mumdima, nkhalamba zikuzizidwa m'nyumba, ng'ombe zikulira m'makola osakamidwa. Veikko ankagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi nthawi imeneyo. Anagwira ntchito masiku awiri osapuma. Tsiku lachitatu anamuuza kuti waya wina wazimitsidwa, iye n'kukwera. Koma wayayo sanali wozimitsidwa.

"Moto unalowera kudzanja n'kutulukira kuphazi. Atabwera naye kuchipatala, nsapato inali itamatirira kumnofu. Ndinaidula ndine ndi sizasi. Miyezi inayi ndinkamutsuka mabala m'mawa uliwonse, ndipo fungo lake mpaka lero ndikalikumbukira chakudya sichilowa. Munthu uja sanakuwepo ngakhale tsiku limodzi. Ankaluma thaulo.

"Ukudziwa chimene anandifunsa atachotsedwa zala ziwiri? Anati, 'Raili, kodi akodiyoni ndidzaimbanso?' Paja ndi iye ankaimba kumadansi onse a kuno. Ine ndi malemu bambo ako tinavina koyamba iye akuimba. Ndinamunamiza kuti adzaimba. Akodiyoniyo anapatsa mwana wa mchemwali wake.

"Ndiye lero mwana wanga, amene ndimamunyadira kuntchito kuti ali ndi dzanja la golide, wakhala patebulo langa, akudya buledi wanga, n'kumajambula munthu ameneyo kuti ana okhuta amuseke! Anakulakwira chiyani? Anazimitsa magetsi kuti musapse? Cholakwa chake n'chimenecho?"

"Onse akuseka, Amayi. Si ine ndekha."

"Onsewo sindinawabereke ine. Ndipo onsewo satha kujambula. N'chifukwa chake akufuna iwe. Chithunzi choipa anthu amaseka lero, mawa aiwala. Chako ichi sadzachiiwala, chifukwa chikufanana naye. Adzamutsatira nacho m'makonde mpaka tsiku limene adzapume pantchito."

Outi anakankhira pepalalo kwa amayi ake. "Ling'ambeni ndiye."

"Ayi," anatero a Raili, uku akudzuka kukatola mbatata zija. "Ine sindinajambule. Pepala ndi lako, dzanja ndi lako. Uchite nalo chimene ukuona kuti ungathe kukhala nacho."



4. Kiyi wa chipinda chapansi

Lachinayi kusukulu kunali supu ya nsawawa ndi chitumbuwa cha jamu, chakudya chimene Outi sankachiphonya. Tsiku limenelo anangodutsa pakhomo la chipinda chodyera n'kumukoka Tuomo pamzere.

"Ndipatse kaseti ya gemu."

"Ukufuna ukalowetse zithunzi zatsopano?"

"Ndikufuna ndikabwezeretse Kipina. Pepala lake lakale ndili nalo."

Tuomo anacheukacheuka. "Jarmo andipha."

"Jarmo sadziwa ngakhale kulemba mzere umodzi wa malamulo. Gemu yonseyi wapanga ndiwe, iye n'kumakutuma ngati wantchito wake. Sizikukunyansa? Bweretsa kuno."

Tuomo anatulutsa kasetiyo m'thumba la malaya, n'kumupatsa mobisa ngati wakuba. "Ine sindinakuone," anatero, n'kubwerera pamzere.

Chipinda chapansi chinali chokhoma, ndipo kiyi anali ndi munthu mmodzi yekha. Outi anawapeza a Hyttinen akuwaza mchenga pamasitepe oterera akunja.

"Bambo Hyttinen, ndimapempha munditsekulire chipinda cha makompyuta. Ndili ndi chokonza chisanafike chionetsero cha mawa."

Bambowo anamuyang'ana kuchokera pansi pa chipewa. "Ndiwe mwana wa Raili eti? Wachira? Tiye."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, mwendo wina ukukokera kumbuyo. Atatsekula, anayang'ana kaye masoketi onse, kenako anakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwa Outi.

 Outi anali ataiwala lamulo latsopano lija.

"Mukhoza kupita, bambo. Sindichedwa."

"Lamulo ndinaika ndekha. Ndikaliphwanya ine, alisunga ndani? Gwira ntchito yako, ine ndipumeko mwendo."

Kuti asinthe chithunzi, Outi ankayenera kuchitulutsa kaye pagalasi. Panalibe njira ina. Kaseti inalira mphindi zake zinayi, iye akuyang'ana khoma. Kenako anadina mabatani, ndipo chimunthu chija chinatulukira pakati pa galasi, chachikulu, chikukoka mwendo. Chinaima. Mkono unanjenjemera katatu.

 

"Mwalakwitsa mkono," anatero a Hyttinen patapita nthawi. "Wonjenjemera ndi wamanzere."

"Bambo, ichi sindinajambule ine. Ndinali kudwala. Ndabwera kuti ndichichotse."

"Ndiye chifukwa chake sabata yonse ino ana akandiona akumagwedeza mikono. Ndimayesa ndi gule watsopano."

Outi akanatha kulekera pomwepo, chifukwa zimene ananenazo zinali zoona. Koma anatsekula chikwama n'kutulutsa pepala la dzulo lija.

"Icho sindinajambule. Koma dzulo ndinajambula ichi. Anandipempha kuti ndichikonze, ine n'kuvomera."

A Hyttinen analandira pepalalo ndi dzanja lamanja. Analiyang'ana nthawi yaitali, chithunzi chimodzichimodzi. Khosi lawo linafiira mpaka m'makutu.

"Iwe ndiye sunalakwitse mkono," anatero. Kenako mawu awo anakwera. "Zaka khumi ndili pasukulu pano! Ndimafika kusanache kudzayatsa ng'anjo kuti mupeze makalasi ofunda. Mukasanza ndimakolopa ndine. Mukataya magolovesi ndimatola n'kuwayanika, m'mawa muwapeze ouma. Sindinapemphepo zikomo kwa mwana aliyense. Ndinkangoti akakula adzamvetsa. Kani nthawi yonseyi mukandiyang'ana mumaona chilombo? Mukuganiza kuti mkonowu ndimaugwedeza dala? Kuti sindimva mukamaseka kumbuyo kwanga? Ndimamva, mwana iwe. Ndinapsa dzanja, sindinapse makutu."

"Pepani, bambo."

"Usandipepese ine. Amayi ako anandisambitsa ngati khanda pamene mkazi wanga yemwe ankaopa kundiyang'ana. Ukapepese iwowo."

Anaika pepalalo patebulo, n'kudzuka. Pakhomo anaima, osacheuka.

"Ukamaliza uzimitse zonse ndi kukoka chitseko."

Anatuluka, n'kumusiya yekha m'chipinda chimene iwo eni analamula kuti mwana asatsalemo yekha.

Outi anang'amba pepala latsopanolo tizidutswatizidutswa. Kenako anayala pepala lakale la Kipina n'kuyamba kulowetsa manambala, mzere ndi mzere. Misozi inkamutchinga m'maso moti analakwitsa kawiri, Kipina n'kutuluka ndi diso limodzi. Belu la kalasi linalira iye asanathe. Sanadzuke mpaka atasunga zonse pakaseti, n'kufufutiratu gemu ya chimunthu ija.

5. Tsiku la chionetsero

Lachisanu makolo anadzaza m'holo, majekete ali m'manja, akumwa khofi ndi mabanzi. Kompyuta imodzi anaikweza pamwamba n'kuiika pakona. Jarmo anaonetsa gawo la makoswe, a Pesonen n'kuwomba m'manja, kenako anatengana ndi makolo ena kupita kukaona zosoka za kalasi ina.

"Tsopano tione zenizeni!" anatero Jarmo kwa gulu la ana limene linamuzungulira. Anadumphitsa kamunthu kaja mpaka pawaya woyamba.

Panatulukira Kipina, ndevu zake zili njo. Kanaima, n'kuthwanima katatu. Jarmo anangoti kukamwa yasa, osadumpha, ndipo mphenzi inapsereza kamunthu kake pomwepo.

"Aa, mdala uja ali kuti?" anafunsa wina. "Mwatiitanira kamphaka?"

Gulu linayamba kubalalika. Kamnyamata kena ka kalasi yoyamba kanapempha kandodo, kanawerenga kuthwanima mokweza, n'kudumpha bwinobwino. Koma Jarmo sanaone zimenezo. Anali atamukokera kale Outi kukhonde, Minna ndi anzake akutsatira.

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndabwezeretsa chithunzi changa mu gemu imene ili ndi dzina langa."

"Wandichititsa manyazi pamaso pa sukulu yonse!"

"Manyazi ukuwadziwa iwe? Unatsala pang'ono kuotcha sukulu ndi chingwe chako chowola. Munthu wakupulumutsa, iwe m'malo mothokoza ukukamuseka chilema. Ndipo kumusekako sunathe wekha, unafuna ubisale kumbuyo kwa dzina langa. Ukanalembapo lako ngati ndiwe mwamuna!"

"Tamumvani mayi busa," anatero Minna, uku akupotoza milomo. "Outi, za mawa zija usavutike. Sauna yathu ndi yaing'ono."

"Ikhale yaing'ono choncho," anayankha Outi.

Atsikanawo anachoka akuseka. Tuomo anali ataima patali, akupukuta magalasi amene sanali akuda. Outi ankayembekeza kuti Jarmo akalipa kapena kumukankha. M'malo mwake mnyamatayo anayamba kumwetulira.

"Ukudziona ngati wochenjera eti? Chabwino. Wapambana, Outi. Sangalala."

Analowanso m'holo akuimba mluzu.

Outi anatenga jekete lake n'kutuluka. Masitepe akunja anali oterera. Tsiku limenelo panalibe amene anawazapo mchenga, ndipo mayi wina anali atagwa kale, anzake akumudzutsa.

Pageti panaima mtsikana wamtali wa kusekondale yapamwamba ya kutsidya kwa mtsinje. Sanavale chipewa ngakhale kunkazizira, ndipo ankayang'ana nkhope ya mwana aliyense wotuluka. Atafunsa kamtsikana kena, kanaloza Outi.

"Outi Kemppainen ndiwe?"

"Ndine."

Mtsikanayo anatulutsa kaseti m'thumba n'kumuonetsa pafupi ndi mphuno. Sinali kaseti ya Tuomo. Inali yatsopano, ndipo pachikuto pake panalembedwa ndi inki yofiira kuti, MDALA WA MAGETSI.

"Iyi ndailanda kwa mnyamata wa m'kalasi mwathu. Akuti makaseti ngati amenewa alipo asanu ndi atatu, ndipo akhala akuzungulira m'tauni muno kuyambira Lolemba. Ndaiona ndi maso anga. Ndaonanso dzina la amene anajambula."

"Ndikhoza kufotokoza. Si ine amene..."

"Dzina langa ndine Sanna Hyttinen," anamudula mawu mtsikanayo. "Bambo anga dzulo anabwera kunyumba masana, osadya, osalankhula. Lero m'mawa alemba kalata yosiya ntchito, ndipo andituma kuti ndikapereke kwa ahedi. Kalatayo ili m'thumba muno."

Anamugwira Outi padzanja mwamphamvu, n'kumutembenuzira kukhomo la sukulu.

"Ukuti ukhoza kufotokoza? Tiye, ukafotokozere komweko. Tilowa limodzi."